Chala cha a Jonas, Msana wa Stafford

A Jonas Mulipa, zaka zawo zomaliza, anali munthu woopa pepala. Njoka ankaipha ndi khasu osaphethira, mtsinje wa Ruo ankauwoloka ngakhale utadzaza, koma akangoona munthu wa kabudula wa khaki akukwera chitunda pepala lili m'manja, ankasowa pobisala. Ambiri ankawaseka. Ine sindinkaseka, chifukwa pamene chinthucho chinkayamba ndinalipo, ndipo ndinavomereza nawo.

Ndine Everson, kalipentala. Ndinkakhoma mabokosi a tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Khonjeni, ndipo khomo langa linkayang'anana ndi la a Jonas. Nkhuku zathu zinkadyera pamodzi.

A Jonas analowa m'dziko lino ali ndi zaka khumi, nthawi ya nkhondo ya Jeremani. Kwawo kutsidya kwa Ruo, asilikali a Apwitikizi anagwira bambo awo, n'kuwamanga chingwe m'khosi pamodzi ndi amuna ena, ulendo wa ku chibalo. Sanabwerenso. Amayi awo, amene atabatizidwa anatchedwa a Lestina, anathawa osatseka ndi chitseko chomwe. Anawoloka Ruo a Jonas ali kudzanja, khanda lili kumsana. Khandalo ndiye Stafford.

Azungu a m'maesiteti ankatikonda ife Alomwe, ndipo chifukwa chake sichinali chobisika: tinalibe kwina kopita. Ankakupatsa pomanga nyumba ndi kamunda m'mphepete mwa phiri, iwe n'kulipira ndi msana wako, miyezi yamvula, nthawi imene chimanga chako chomwe chikufuna khasu. Amene anatcha zimenezi kuti thangata anali munthu wachipongwe. A Jonas anakulira momwemo. Anapalira tiyi, anadulira, anasenza madengu a masamba kupita kufakitale. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wakhasu lolemera. Anakwatira a Teleza, mkazi wamfupi wa pakamwa posachedwa, ndipo anthu ankati Mulungu anagawa bwino, mawu onse a m'nyumbamo anapita kwa munthu mmodzi. Anabereka mwana wamkazi, Rhoda. Ana awiri otsatira anamwalira asanatuluke ndi mano omwe.

Pa esiteti panali kachitidwe kamene tonse tinakulira nako. Mgwazo, ndiye kuti gawo la ntchito ya tsiku, unkayezedwa ndi mizere, osati nkhope. Munthu akadwala, mbale wake ankanyamula khasu, n'kukayankha dzina lake poitana maina m'mawa, kapitawo n'kuchonga tikiti. Bwana ankafuna mizere yopalira, za amene wapalira analibe nazo ntchito. Choncho ife tinkadziwa kuti ntchito ndi ya banja lonse. Ikagwera mmodzi, amene ali ndi mphamvu tsiku limenelo ndiye amaisenza.

Zaka za dzombe zija zinatisiya opanda kanthu. Dzombe litatha, kunabwera mzungu wolemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Anamanga tenti pafupi ndi siteshoni ya Khonjeni, galamafoni ikulira, mabulangete atsopano ataunjikidwa pamene aliyense angawaone. A Jonas anapita Loweruka masana, osauza munthu. Pepala la kontirakiti linali lodzaza mawu mbali zonse ziwiri, koma womasulira analimaliza ndi mpweya umodzi: chaka ndi theka, chakudya chaulere, pobwera sitima yaulere. Dokotala anawagogoda pachifuwa, kalaliki anawagwira chala chachikulu n'kuchiviika mu inki, n'kuchidinda. Anawauza kuti adzabwere pakatha milungu itatu, tsiku la sitima.

Chimene a Jonas sankadziwa n'chakuti a Teleza anali ndi pakati. Nkhani zotere zimayamba zadutsa kwa amayi akuluakulu, mwamuna amamva pomaliza. Atafika kunyumba ndi nkhani yawo ya ku Joni, anakumana ndi inzake.

Amayi akuluakulu sanazungulire. Anati mwamuna akapita kutali, kumene kuli akazi a m'makomboni, mkazi wake ali ndi pathupi, mwanayo atsempheka. Anafunsanso kuti akabadwa adzamutenga ndani pa mwambo wake, bambo ali kutsidya kwa Zambezi. Tonse tinali Akhristu obatizidwa, Lamulungu tinkaimba mpaka mawu kusasa, koma pa nkhani ya tsempho palibe ankafuna kuyesera pa mwana wake. A Teleza anali ataika kale ana awiri m'manda. Tsiku limenelo anangokhala pansi atagwira mimba.

A Jonas anabwerera kutenti kukapempha kuti awafafanize. Kalaliki anaseka. Anati chala chikadindidwa sichifufutika, ndipo amene sadzaoneka tsiku la sitima, amesenjala a ku boma adzamutsata, ndende kaye, kenako ku mgodi komweko ali pa unyolo. Ngati zinali zoona sindikudziwa mpaka lero. Palibe mmodzi wa ife amene akanatha kuwerenga pepalalo n'kumutsutsa.

Anaweruza ndi a Lestina. Anaitana ana awo awiri pansi pa mtengo wa mango, ine ndili pomwepo monga mnansi. Anati aona kale mwamuna mmodzi akutengedwa pa chingwe, wachiwiri sadzamuona. Ntchito yagwera pakhomo pano, ndiye aisenze amene alibe mkazi.

"Stafford, mwanawe, tenga khasu la akulu ako," anatero.

Stafford anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mnyamata woseka ndi mano onse, wolakalaka njinga ndi chipewa. Anavomera amayi ake asanatseke pakamwa. Anandifunsa maganizo anga, ndipo ine, ndi nzeru zanga zonse za ukalipentala, ndinati palibe chovuta, mzungu amafuna msana. Ndinamukhomera kabokosi ka zovala ndi matabwa otsala a mabokosi a tiyi.

Tsiku la sitima, kalaliki anaitana maina pa siteshoni. Atafika pa "Jonas Mulipa", Stafford anayankha mokweza n'kukwera. Palibe anadzutsa mutu. A Jonas anaonera zonsezi atabisala m'mabulugamu kuseri kwa njanji, ndipo tinabwerera kunyumba tikuganiza kuti nkhani yatha.

Vuto loyamba linatipeza Lolemba m'mawa. Ofesi ya esiteti inali itamva kuti Jonas Mulipa walembetsa za ku Joni, ndipo dzina lake linali litachotsedwa. Bwana wathu ankadana ndi olemba anthu a kunja ngati mmene mlimi amadanira ndi anyani, ndipo munthu wolembetsa kumeneko, nyumba yake inkatsala pa chisomo. Inali kudzaima pokhapokha pakhomopo patakhala mwamuna wina wogwira thangata. A Jonas anatenga tikiti ya mng'ono wawo. Kapitawo Lackson ataitana "Stafford", anayankha iwo.

Lackson anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira n'kuchonga. Sananene kwa bwana. Koma kuyambira tsikulo a Jonas anali m'manja mwake. Mzere wamiyala unkakhala wawo. Anzawo akaweruka, iwo ankatsala kukapalira munda wa Lackson. Tambala akakula pakhomo pawo, ankakalirira kwa Lackson. Munthuyo sankaopseza n'komwe. Ankangodutsa n'kufunsa mwaulemu kuti kodi akulu anu ku Joni akupeza bwanji, basi.

Mwana anabadwa, wamwamuna, ndipo anakhala moyo. A Lestina anavina. Kwa miyezi ingapo tinaona ngati tinachita zanzeru.

Kenako kunabwera bambo wina wa ku Thekerani amene anakhalitsa ku migodi, akutsokomola, koma atavala suti. Anakhala m'shedi mwanga masana ena akufotokoza za kumeneko, a Jonas akunola chikwanje pambali. Anati ku Joni kuli nyumba yaikulu yosungiramo zala zokhazokha. Anati zala za anthu sizifanana, ngakhale za mapasa, ndipo mzungu akayang'ana ndi galasi amadziwa kuti ichi n'cha uje. Wopezeka atanama dzina, amamangidwa iye ndi amene anamubwereka dzinalo. Tinaseka poyamba, poti chala ndi chala. Kenako aliyense anayamba kuyang'ana chake. Nditacheuka, a Jonas anali atasiya kunola.

Apa m'pamene tinazindikira chimene tinachita. Ife tinkaona ngati tatumiza khasu, koma pepala lija silinkadziwa banja. Linkadziwa munthu mmodzi, ndi chala chake.

Mawa lake ndinawapeza a Jonas kuseri kwa shedi akukhuta chala chachikulu pa mwala wanga wonolera, magazi akuyenderera mpaka m'chigongono. Ndinawalanda mwalawo n'kuwakalipira ngati mwana. Anangonena kuti amesenjala akabwera adzapeze palibe choti ayerekeze. Chilondacho chinatenga mwezi. Khungu litamera, mizere ija inabwerera momwemo, osasowa ndi umodzi womwe. Anadzandionetsa atatambasula dzanja, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiiwala.

Kalata inabwera imodzi yokha, yolembedwa ndi dzanja la munthu wina. Stafford analemba ngati mwamuna kwa mkazi wake, podziwa kuti makalata amadutsa m'manja ambiri. Anati ali bwino, koma kumeneko dzina saligwiritsa ntchito, amaitana nambala. Anati mwezi wa kumgodi si umene umaoneka kumwamba, amawerenga masiku okhawo amene walowa pansi, ndiye ukadwala chaka ndi theka chija chimatalika. Anati pansipo pamatentha, ukatuluka kunja kukuzizira, ndipo chifuwa chayamba kumuvuta pang'ono. Anafunsa ngati mwana anabadwa. Tinayankha kawiri, koma sitinamvenso kanthu.

A Jonas anasiya kupita kumsika wa ku Khonjeni. Sitima ikalira, ankaimitsa khasu n'kumvetsera mpaka itapitirira. Ankaopa zinthu ziwiri zimene sizikanatheka kuzipempherera pamodzi: kuti amesenjala abwera kudzawatenga, ana n'kuthamangitsidwa pa esiteti, ndi kuti sikubwera aliyense, ngakhale Stafford yemwe.

Mesenjala anabwera Loweruka lina dzuwa litapendeka, chaka chachiwiri chili kumapeto. Tinamuonera patali chifukwa cha chisoti chake chofiira. Anali atanyamula mtolo kudzanja, pepala m'thumba la malaya. A Jonas anali pamwamba pa nkhokwe akufolera. Ndinaona akuyang'ana kuthengo, ndipo ndinadziwa kuti akuyeza mtunda. Koma a Teleza anali pakhonde ndi mwana pamiyendo, ndiye anatsika pang'onopang'ono n'kuima.

Mesenjalayo anapatsidwa mpando, anamwa madzi, kenako anafunsa kuti mkazi wa Jonas Mulipa ndi uti. A Teleza anagwada. Iye anavula chisoti n'kunena kuti kuboma kwafika uthenga wochokera ku Joni. Jonas Mulipa anamwalira ndi chibayo m'chipatala cha pamgodi miyezi itatu yapitayo, anaikidwa komweko, ndipo katundu wake ndi uyu.

A Teleza anatembenuka n'kuyang'ana amuna awo ali chiimire, udzu uli m'tsitsi. Ndinaopa a Lestina. Kwathu kuno mayi akamva za imfa ya mwana amalira motchula dzina, ndipo nkhalambayo inali itadzuka kale, manja kumutu. Akanati Stafford, zonse zikanaululika pomwepo. Akanati Jonas, ndiye kulirira mwana wamoyo ali pamaso pawo, malodza amene mayi aliyense sangawachite.

A Lestina analira mu Chilomwe.

"Muhiwa! Mwanaka Muhiwa!"

Linali dzina limene anamupatsa kutsidya, asanawoloke naye Ruo, dzina limene silinalembedwepo paliponse. Amayi ena analandira maliro, mudzi wonse n'kusonkhana. Mesenjala, amene sanali Mlomwe, anandifunsa kuti Muhiwa ndani. Ndinamuuza kuti ndi dzina la paubwana la malemuwo. Mawu oona amene ndinalankhula tsiku limenelo ndi okhawo.

Koma munthu wa boma sachoka chimanjamanja. Anati pakufunika mwamuna wa pabanjapo woti alandire katundu. Maso onse anapita kwa a Jonas.

"Inu ndinu ndani wake?"

"Mng'ono wake, bwana."

"Dzina?"

"Stafford."

Mesenjala anatulutsa pepala ndi kabokosi ka inki n'kuika pabondo. A Jonas anabisa dzanja kumbuyo ngati mwana woba chiponde. Ndinayesa kunena kuti ndisaine ine, poti ndimadziwa kulemba, koma anati lamulo likufuna chala cha m'bale. Anawagwira dzanja lomwe lija, chala chomwe chija, n'kuchidinda pansi pa dzina la Stafford. Anapukusa pepalalo kuti liume, analipinda, anapepesa maliro, n'kutsika chitunda.

Mumtolomo munali bulangete, supuni, ndi nsapato zopanda zingwe. Kabokosi kanga sikanabwere. Mesenjala anali atanena kuti chipepeso cha mkazi wamasiye chidzatsatira, koma sitinachione, ndipo ndani akanapita kuboma kukafunsa?

Tinakhuza maliro masiku atatu popanda mtembo. A Teleza anametedwa ngati wamasiye, chifukwa Lackson ndi kalaliki wa esiteti anabwera kudzapepesa. A Jonas anakhala pakati pa amuna akulandira anthu owapepesa pa imfa yawo yomwe. Ofesi inalemba kuti mlamu walowa chokolo. Akuluakulu a mpingo, amene chokolo ankachiletsa, ankadziwa zoona zake ndipo anayang'ana kumbali.

Tsiku lachitatu a Jonas anabwera m'shedi mwanga n'kukhala pa bokosi. Anati tsopano chala chimodzi chili pa mapepala awiri, pa lina pansi pa dzina la munthu wakufa, pa linalo pansi pa dzina la wamoyo, ndipo tsiku lina mapepalawo adzakumana.

"Ndinamupha ndine, a Everson," anatero. "Ndipo ngakhale kumulira ndikuchita kuba."

Ndinangopitiriza kupala thabwa limene linali losalala kale.

Anakhala zaka zina ziwiri akudikira. Palibe anabwera. Lero ndikaganiza, mtima umandiwawa ndi ukali, chifukwa ndikukhulupirira kuti pepala lachiwiri lija linadyedwa ndi chiswe pa shelefu ya kuboma, ndipo ku Joni kunalibe munthu amene anatayapo nthawi kuyang'ana chala cha Mlomwe. Iwonso ankangofuna msana. Koma a Jonas sakanadziwa zimenezo, ndipo Lackson ankaonetsetsa kuti asaiwale. Anaonda, tsitsi linachita imvi asanafike zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anthu a m'mudzi, posafuna kunama kapena kuwaika m'mavuto, ankangowaitana kuti bambo a Rhoda.

Mvula ya chaka chimene kunayamba mphekesera za nkhondo ina, a Jonas anadwala malungo. Panalibenso mbale woti awanyamulire khasu. Anapita kumgwazo akunjenjemera, masiku asanu, mvula ikuwathera pamsana, ndipo akaweruka ankapitanso kumunda kwa Lackson. Titati tiwanyamule kupita kuchipatala cha mishoni, anagwira chimtengo cha khonde n'kukana, ati kumeneko amalemba maina. Anamwalira Lachinayi masana, a Teleza akuwamwetsa phala.

Bokosi ndinakhoma ndine. Nditafika pa mtanda, ndinaima ndi tchizulo m'manja, n'kupita kukafunsa amayi awiriwo kuti ndilembe chiyani. Ndinkafunitsitsa kulemba dzina lawo lenileni, kamodzi kokha. A Teleza anandikumbutsa kuti njira ya kalaliki wa esiteti imadutsa m'mbali mwa manda, ndipo nyumba imene akugonamo ndi ana yaima pa tikiti ya Stafford. Bwana akadziwa kuti anamizidwa zaka zinayi, sadzadikira kuti chimanga chiche. A Lestina, amene maso anali atayamba kuchita khungu, analankhula ali chogona pamphasa.

"Lembani Stafford. Jonas ali nawo kale mtanda wake kumene kuli mng'ono wake."

Ndinasema. Sindinagwirepo ntchito yaifupi yolemera chotero.

Kumanda kunabwera anthu ambiri, Lackson ali kutsogolo, chipewa m'manja, nkhope yachisoni ndithu. Titakwirira, ndinazika mtanda uja. Rhoda, amene anali atayamba sukulu ya mishoni ndipo ankawerenga chilichonse chimene waona, anayandikira n'kuyamba kutchula zilembo chimodzichimodzi, akuloza ndi chala. Atamaliza anatembenuka kwa amayi ake.

"Amayi, apa alakwitsa. Alemba a bambo aang'ono. Nanga a ba..."

A Teleza anamutseka pakamwa ndi dzanja, n'kumukokera m'chitenje mwawo. Anamugwira choncho, mwanayo akuphiriphitha, mpaka Lackson atavala chipewa n'kutsika njira ya kuofesi.